Mafayilo a Ofesi Azikhala Kuti? Nkhani ya NAS ku Dowa ndi Ntchisi

Ofesi yaing'ono iliyonse ya ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo kapena pa boma la Ntchisi ili ndi chuma chomwe sichigwirika ndi manja, koma chikasowa ntchito imaima. Kusukulu ndi malikisi a ophunzira ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Ku kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza ndi kaundula wa mamembala, ngongole za mbewu ndi makilogalamu omwe aliyense anapereka. Kutchalitchi ndi mayina a obatizidwa ndi omanga ukwati. Kwa wojambula ndi makanema a zinkhoswe omwe eni ake analipira kale theka. Zambiri mwa izi tsopano zili m'kompyuta, ndipo kawirikawiri kompyutayo ndi laputopu ya munthu mmodzi, kapena fulashi yomangiriridwa ku makiyi a njinga yamoto.

Funso ndi ili: mafayilo otere azikhala kuti kuti anthu angapo aziwapeza nthawi imodzi, ndiponso kuti asathere limodzi ndi makina omwe awonongeka kapena abedwa? Yankho limodzi lomwe ogulitsa zamakompyuta amapereka ndi chipangizo chotchedwa NAS. Pa nkhani yogawana mafayilo, chipangizochi chimagwiradi ntchito. Pa nkhani yowateteza, chimadalira zinthu zomwe sizibwera m'katoni mwake: magetsi odalirika, kope lachiwiri losungidwa kwina, ndi munthu wochiyang'anira.

NAS ndi chiyani

NAS ndi kakompyuta komwe ntchito yake yaikulu ndi kusunga mafayilo ndi kuwapereka kwa makina ena kudzera pa netiweki. Kalibe sikirini, kalibe kiyibodi. Mkati mwake muli malo olowetsamo hadi disiki imodzi, kapena madisiki awiri kapena anayi, purosesa yosadya magetsi ambiri, kafani koziziritsa, ndi pulogalamu yoyendetsa zonsezi. Kumbuyo kuli polowera magetsi ndi polowera chingwe chopita ku rauta. Aliyense yemwe walumikizidwa ku rauta imeneyo, kaya pa chingwe kaya pa Wi-Fi, amaona mafoda a pa NAS pa kompyuta kapena pa foni yake, bola akhale ndi dzina lolowera ndi pasiwedi.

Apa ndi pomwe NAS imasiyana ndi disiki yakunja ija yolumikiza pa USB. Disiki ya USB imatumikira kompyuta imodzi. Wina akaifuna ayenera kudikira, kenako kuizula n'kupita nayo pa tebulo lake. NAS sizulidwa. Mlembi, msungichuma ndi mkulu wa ofesi onse amatsegula kaundula yemweyo, ndipo woyang'anira angathe kukonza zoti msungichuma yekha ndiye azisintha za ndalama, enawo azingowerenga.

Anthu ambiri amaganiza kuti netiweki ndi intaneti n'chimodzimodzi. Ayi. Rauta yopanda bandulo imalumikizabe makina onse omwe ali m'nyumbamo, ndipo mafayilo amayenda pakati pawo osadutsa ku TNM kapena ku Airtel. Pa chingwe cha gigabit, mafayilo amayenda pafupifupi mamegabayiti 110 pa sekondi, kutanthauza kuti kanema wa gigabayiti imodzi amasamuka m'masekondi pafupifupi 10 popanda tambala yolipira. Kumadera komwe netiweki ya foni imagwira pamwamba pa chitunda n'kusowa ukatsikira kudambo, monga zilili m'mapiri ambiri a Dowa ndi Ntchisi, ubwino umenewu si wochepa.

Kumene chipangizochi chinachokera

Hadi disiki yoyamba kugulitsidwa inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Inali ndi mbale zachitsulo 50 zozungulira ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, malo omwe lero angadzaze ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni. Kwa zaka zambiri disiki inali ya kompyuta imodzi basi.

Zinthu zinasintha makompyuta aang'ono atachuluka m'maofesi m'zaka za m'ma 1980. Kampani ya Novell inatulutsa NetWare mu 1983, ndipo ya Sun Microsystems inabweretsa njira yotchedwa NFS mu 1984, zonse zolola makompyuta kutsegula mafayilo omwe ali pa makina ena. Njira ina yotchedwa SMB inayambira ku IBM, kenako Microsoft inaikulitsa n'kuiika mu Windows. Mu 1992 Andrew Tridgell wa ku Australia anatulutsa pulogalamu yaulere yomwe inadzatchedwa Samba, yolola makina osakhala a Windows kulankhula SMB. NAS zambiri za masiku ano zimayendera Linux ndi Samba mkati mwake, ngakhale wogula sazionapo.

Mu 1988 akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, anafalitsa njira yophatikizira madisiki otchipa angapo kuti agwire ntchito pamodzi, n'kuitcha RAID. Kampani ya NetApp, yomwe inayamba mu 1992, inatchuka pogulitsa makina osungira mafayilo okha kumakampani akuluakulu. Timabokosi ta m'nyumba tinabwera pambuyo: Synology inakhazikitsidwa ku Taiwan mu 2000, QNAP mu 2004 komweko, ndipo mu 2005 kunatuluka FreeNAS, pulogalamu yaulere yosandutsa kompyuta wamba kukhala NAS, yomwe lero imatchedwa TrueNAS.

Mmene mafayilo akuyendera kwathu kuno

Pa maofesi aang'ono ambiri, fayilo imayenda pa fulashi kapena pa WhatsApp. Njira zonsezi zili ndi matenda ake odziwika. Mphunzitsi atenga fulashi kupita nayo kosindikiza mayeso pa trading centre. Pobwerako, aitsegula n'kupeza mafoda onse asanduka timivi ta shortcut, mayeso sakuoneka. Kawirikawiri mafayilowo amakhala alipo, vairasi yangowabisa, koma mwini wake podina timivi tija amakhala waipatsiranso laputopu yake, ndipo mawa laputopuyo ipatsira fulashi ya mnzake. Vuto lina silichititsa mantha msanga koma limawononga kwambiri: kaundula mmodzi amakhala ndi makope asanu pa makina asanu, lililonse losinthidwa tsiku lake, ndipo pofika nthawi yogawana ndalama za soya palibe akudziwa lomwe lili lolondola.

Amene amasunga zambiri kuposa onse m'matauni aang'ono ndi anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Kompyuta yawo imakhala ndi madisiki awiri kapena atatu odzaza, omwe anawadzaza pang'onopang'ono kwa zaka. Disiki ikayamba kulira kuti tiki-tiki-tiki n'kukana kutsegula, bizinesi yagwa tsiku lomwelo. Kulira kumeneko ndi kamkono kowerengera mkati mwa disiki kakulephera kupeza malo ake, ndipo kuyatsayatsa disiki yotere kumangoonjezera kukala mbale zake.  Katundu wawo yense wagona pa chitsulo chimodzi chozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi.

Kusunga mafayilo pa seva ya pamalo pomwepo si chinthu chachilendo m'Malawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayambitsa makina olembera odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Iwo anasankha makina osadya magetsi ambiri, seva yokhala pachipatala pomwepo, ndi mabatire oyendetsa zonse magetsi akathima. Anayamba ndi funso la magetsi, makina n'kubwera pambuyo. Ofesi yaing'ono yofuna NAS iyenera kutsata ndondomeko yomweyo.

Magetsi: apa ndi pomwe nkhani imapindika

NAS inapangidwira maiko omwe magetsi sathimathima. Imayembekezera kukhala yoyaka usana ndi usiku. Kwathu magetsi ambiri amachokera ku mtsinje umodzi, Shire, kudzera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo chilichonse chovuta kumeneko chimamveka mpaka ku Nthondo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka asanabwezeretsedwe. Ngakhale kunja kwa ngozi zotere, mawaya a ESCOM opita kumapiri ndi aatali, amadutsa m'mitengo, ndipo nthawi ya dzinja mapolo amagwa.

Kuthima kwa magetsi mwadzidzidzi kumawononga m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mafayilo. Pomwe munthu wadina kusunga, zomwe walembazo zimayamba zadikira kaye mu memori zisanafike pa disiki. Magetsi akathima pakati pa ulendowu, fayilo imatsala yoduka, ndipo nthawi zina chomwe chimasokonekera ndi kaundula wa disiki yonse, wosonyeza pomwe fayilo iliyonse yakhala. Yachiwiri ndi ya chipangizo chenichenicho. Magetsi pobwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira, kapena kubwera n'kuthimanso kangapo m'mphindi zochepa, ndipo adaputala ndi bolodi ya disiki ndizo zimayamba kupsa.

N'chifukwa chake UPS, kabokosi kokhala ndi batire kopereka mphamvu magetsi akathima, si chokongoletsera. Koma anthu ambiri samvetsa ntchito yake. UPS yaing'ono ya muofesi ili ndi kabatire kochepa, ndipo singayendetse ofesi kwa maola asanu ndi limodzi. Ntchito yake ndi kupatsa NAS mpata wodzizimitsa bwinobwino. Kuti izi zitheke, UPS iyenera kukhala ya mtundu wokhala ndi polowera USB, chingwe chilumikizidwe ku NAS, ndipo NAS iuzidwe kuti ikamva zoti magetsi apita izidikira mphindi zingapo kenako izitseka. UPS yopanda chingwe chimenechi imangochedwetsa ngozi: batire likatha usiku ofesi ili yotseka, NAS imathima mwadzidzidzi chimodzimodzi.

Masamu a magetsi ndi osavuta. NAS ya madisiki awiri imadya mawati pafupifupi 20 ikamagwira ntchito. Pa tsiku lathunthu ndi 480 Wh, pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 15. Tikaphatikiza rauta ya mawati 10 zimakwana mawati 30. Batire la sola la 12V 100Ah lili ndi 1,200 Wh, koma ngati ndi la asidi siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, choncho zogwiritsa ntchito ndi 600 Wh, zokwana maola pafupifupi 20, ndipo inveta imadyakonso gawo lake. Ofesi yomwe ili kale ndi sola ingathe kuyendetsa NAS popanda vuto lalikulu. NAS zambiri zazing'ono zimalandira 12V kuchokera ku adaputala, ndipo izi zimakopa amisiri ena kulumikiza waya ku batire mwachindunji. Asatero popanda kachipangizo kowongola mphamvu, chifukwa batire lomwe likutchajidwa limakwera kupitirira 14V, pomwe hadi disiki imafuna mphamvu yokhazikika.

Palinso mphenzi. Kuyambira November mpaka April, nyumba za pamtunda zimalandira ziphaliwali, ndipo chingwe cha kopa chodutsa panja kuchoka ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu kupita ku laibulale chimatha kulowetsa mphamvu ya mphenzi yomwe yagwa chapafupi n'kutentha makina a mbali zonse ziwiri. Pakati pa nyumba ziwiri n'kwabwino kugwiritsa ntchito Wi-Fi kapena chingwe cha fibre, chomwe sichinyamula magetsi. Fumbi la mu September ndi October limatseka fani, mphemvu zimakonda kufunda kwa mkati mwa bokosi, makoswe amatafuna zingwe. Kuika NAS pa shelefu yokwera, podutsa mpweya, ndi kuipukuta kawirikawiri kumachepetsa zambiri mwa izi. Nyengo yozizirira ya kumapiri kuno ndi mwayi womwe anzathu a ku Salima ndi Nkhotakota alibe.

Madisiki awiri si makope awiri

Wogulitsa amati: gulani ya madisiki awiri, imodzi ikafa inayo ili ndi zonse. Akunena zoona, koma zoona zake ndi zochepa. Njira imeneyi ndi RAID 1: chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Madisiki awiri a materabayiti 4 amapereka malo a materabayiti 4 okha. Pali RAID 5, yofuna madisiki atatu kapena kuposa, yomwe imapirira kufa kwa disiki imodzi. Palinso RAID 0, yomwe imagawa fayilo pa madisiki onse kuti ithamange. Imodzi ikafa zonse zapita, ndipo ofesi isayerekeze kuisankha.

RAID imateteza ku chinthu chimodzi chokha, kufa kwa disiki. Mlembi akafufuta foda molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse awiri. Vairasi ikawononga mafayilo, owonongekawo amakopedwa mokhulupirika. Mphenzi, moto, denga lodontha ndi wakuba sizisankha disiki. Nkhokwe ziwiri zomangidwa moyandikana pabwalo limodzi zimathandiza imodzi ikagwa ndi chiswe, koma moto ukabuka zimapsa zonse.

Choncho akatswiri amagwirizana pa lamulo lomwe wojambula zithunzi Peter Krogh analitchukitsa, lotchedwa 3-2-1: makope atatu a chilichonse chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Kwa kopaletivi ya ku Ntchisi izi zingatanthauze mafayilo pa NAS, disiki ya USB yomwe imalumikizidwa Lachisanu lililonse n'kukagona kunyumba kwa msungichuma, ndi mafayilo ochepa ofunikitsitsa otumizidwa pa intaneti. Disiki ya USB ija isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse, chifukwa chomwe chapha NAS chidzaipha nayonso.

NAS zina zili ndi luso lotchedwa snapshot, lomwe limakumbukira mmene mafoda analili pa ola lakutilakuti, kotero kuti fayilo yofufutidwa Lachiwiri ingathe kubwezedwa mmene inalili Lolemba. Lusoli limapezeka pa makina oyendera Btrfs kapena ZFS, ndipo pa ofesi ya anthu ambiri limapulumutsa kawirikawiri kuposa RAID, chifukwa zala za anthu zimalakwitsa kawirikawiri kuposa mmene madisiki amafera.

Amene akuti cloud ndi amene akuti NAS

Pali anthu omwe amati nthawi ya NAS inatha. Mfundo yawo ndi yakuti Google Drive, OneDrive ndi Dropbox zimasunga mafayilo m'nyumba zokhala ndi magetsi osathima, alonda ndi akatswiri, ndipo Google imapereka magigabayiti 15 kwaulere. Ofesi ikapsa, mafayilo alipo. Kwa gulu lomwe chuma chake chonse ndi makalata ndi matebulo a Excel, mfundoyi ndi yamphamvu, ndipo kugula NAS kungakhale kuwononga ndalama: makalata a zaka khumi sangadzaze magigabayiti 15.

Otsutsa amaloza ku bandulo ndi liwiro. Kukweza terabayiti imodzi pa intaneti yothamanga mamegabiti 5 pa sekondi kumatenga masiku oposa 18 osapumira, osawerengera mtengo wa bandulo. Wojambula makanema a maukwati, wailesi ya m'dera, kapena sukulu yofuna kuti ana 40 aonere phunziro limodzi la kanema sangadalire njira imeneyi. Malo oonjezera pa cloud amalipidwa mwezi ndi mwezi pa ndalama zakunja, ndipo aliyense akukumbukira November 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kulipira kukaima, mafayilo amakhala pachiwopsezo. Komatu NAS nayo imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo, ndipo disiki yolowa m'malo mwa yakufa sipezeka pa Mponela. Imafunika ulendo wa ku Lilongwe, mwinanso kuitanitsa ku South Africa.

Kubwera kwa Starlink m'Malawi mu 2023 kwasintha mkanganowu kwa omwe angakwanitse kugula mbale yake ndi kulipira mwezi uliwonse, chifukwa mapiri satchinga setilaiti. Sikunauthetse, poti mbaleyo imadya magetsi ochuluka kuposa NAS.

Kunena mosapita m'mbali, muyeso wabwino ndi kukula kwa mafayilo ndi chiwerengero cha anthu. Munthu mmodzi wokhala ndi laputopu imodzi safunika NAS. Madisiki awiri a USB osinthanasinthana amukwanira. Anthu atatu kapena kuposa ogwira pa mafayilo omwewo, kapena aliyense wosunga makanema ndi mawu, ndi omwe angaione phindu. Kwa masukulu pali njira ina yofanana nayo: timaseva tonyamula maphunziro popanda intaneti, monga RACHEL ya bungwe la World Possible, Kolibri ya Learning Equality, ndi Kiwix yomwe imasunga Wikipedia yonse pa disiki. Mapulogalamu ena mwa awa angathe kuikidwa pa NAS yomweyo yosungira malikisi.

Kugula yopangidwa kale kapena kudzipangira

Mkangano wina uli pakati pa ogula bokosi la Synology, QNAP kapena Asustor ndi omwe amatenga kompyuta yakale n'kuikamo TrueNAS kapena OpenMediaVault. Bokosi lopangidwa kale ndi losavuta kukonza, silidya magetsi ambiri, ndipo limachenjeza lokha disiki ikayamba kudwala. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso bolodi yake ikapsa palibe mmisiri wapafupi yemwe ali ndi ina. Kompyuta yakale ya pa tebulo ndi yotchipa ndipo zipangizo zake zimapezeka, koma imadya magetsi mwina kawiri kapena katatu, zomwe pa sola zikutanthauza batire lina. Pakatikati pali Raspberry Pi, kakompyuta kotchipa komwe kanatuluka mu 2012, kokhoza kutumikira ofesi ya anthu ochepa ndi disiki ya USB.

Kudzipangira kumafuna munthu wodziwa, ndipo anthu otere alipo m'boma la Dowa lomweli. Ku Dzaleka, komwe kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, kuli malo ophunzitsira achinyamata zamakompyuta monga TakenoLAB. Chofunika kusamala n'chakuti makina omangidwa ndi munthu mmodzi, omwe iye yekha akuwadziwa, amasanduka mtolo tsiku lomwe wasamuka.

Zodziwika ndi zomwe akatswiri sakugwirizana

Chodziwika n'chakuti disiki iliyonse idzafa. Kampani ya Backblaze ya ku America, yomwe imasindikiza ziwerengero za madisiki ake zikwizikwi, yakhala ikupeza kuti pafupifupi disiki imodzi kapena madisiki awiri pa 100 aliwonse amafa pa chaka. Amenewo ndi madisiki okhala m'nyumba zozizira za magetsi okhazikika. A m'ofesi ya fumbi yothimathima magetsi sangayembekezeke kuchita bwino kuposa pamenepo.

Chodziwikanso n'chakuti disiki sichenjeza nthawi zonse. Madisiki ali ndi luso lodziyeza lotchedwa SMART. Kafukufuku yemwe akatswiri a Google anatulutsa mu 2007, woona madisiki oposa 100,000, anapeza kuti disiki yomwe yayamba kuonetsa zizindikiro zina za SMART imakhaladi pafupi kufa, komanso kuti oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a madisiki omwe anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse. Kafukufuku yemweyo anadabwitsa ambiri popeza kuti kutentha kwapakatikati sikunkapha madisiki monga ankaganizira, ndipo mpaka pano anthu amasiyana pa kuchuluka kwa kutentha komwe kuli koopsa.

Amasiyananso pa funso loti NAS izigona usiku kapena ayi. Ena amati kuyatsa ndi kuzimitsa kumatopetsa mota ya disiki. Ena amati kuzungulira usiku wonse popanda ntchito n'kungotha mayunitsi. Kwa ofesi yodalira batire, kuikonza kuti izizima yokha madzulo n'kuyaka mmawa kuli ndi nzeru, poti maola omwe ili yozima mwadongosolo sangaipeze ndi kuthima kwa magetsi.

Pa mtundu wa disiki, phunziro linabwera mu 2020, pomwe zinadziwika kuti Western Digital inkagulitsa madisiki ena a WD Red, opangidwira NAS, olemba mwa njira ya SMR osanena poyera. Madisiki a SMR amachedwa kwambiri akamalembedwa kwa nthawi yaitali, makamaka pomanganso RAID disiki ina itafa. Wogula afunse disiki yolemba mwa njira ina yotchedwa CMR, osati SMR. Nanga chosungira china chotchedwa SSD? Ilibe chozungulira, sidya magetsi ambiri, siopa kugwedezeka kwa pamsewu wafumbi, koma pa terabayiti iliyonse ndi yokwera mtengo, ndipo ikafa kawirikawiri imangoti zii osapereka chizindikiro. Kwa ofesi yosunga makalata okha, SSD yaing'ono ingakhale yoyenera kuposa hadi disiki yaikulu yomwe sidzadzaza.

Akuba a pa intaneti ndi lamulo

NAS zambiri zimalola mwini wake kutsegula mafayilo ali kutali, ndipo apa ndi pomwe ngozi zazikulu zachitikira. Mu June 2021 eni ake a WD My Book Live m'maiko ambiri anadzuka n'kupeza madisiki awo afufutidwa ndi anthu odzera pa intaneti. Makinawo anali atasiya kulandira zokonza za pulogalamu yake kuyambira 2015. Mu January 2022 pulogalamu yoipa yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo pa makina zikwizikwi a QNAP, eni ake n'kuuzidwa kuti alipire dipo pa bitcoin. Akubawa sasankha munthu. Makina awo amangoyendayenda pa intaneti kugogoda khomo lililonse, ndipo sadziwa n'komwe kuti Dowa ili kuti. NAS yosaonekera pa intaneti sangaifikire mwa njira imeneyi. Ngati kufikira kutali kukufunikadi, kudzere pa njira yotetezedwa yotchedwa VPN, pasiwedi yobwera ndi makina isinthidwe tsiku loyamba, ndipo pulogalamu izikonzedwa nthawi iliyonse kampani ikatulutsa zatsopano.

Kulinso mbali ya lamulo. Data Protection Act ya 2024 inapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe akusungira mbiri za anthu. Sukulu, chipatala chaching'ono kapena SACCO yosunga mayina, manambala a ziphaso za unzika, matenda kapena ngongole za anthu ili ndi udindo wozitchinjiriza. Kuika zonse pamalo amodzi kumathandiza kudziwa yemwe akuona chiyani, koma kumatanthauzanso kuti wonyamula bokosi limodzi wanyamula mbiri ya mudzi wonse. NAS zambiri zimatha kutseka mafoda ndi kiyi wachinsinsi kuti wakuba asawerenge kanthu. Kiyiyo ikatayika, mwini wakenso sawerenga kanthu, choncho ilembedwe papepala n'kusungidwa motetezeka.

Ndani aziyang'anira

Makina ambiri operekedwa ndi mabungwe othandiza amafa mwakachetechete pulojekiti ikatha. Kanyale kobiriwira kamasanduka kofiira, bokosi limalira masiku angapo, wina amadandaula phokoso n'kulizimitsa, ndipo palibe wodziwa kuti disiki imodzi inafa kalekale ndipo ofesi yakhala ikuyendera yotsalayo. Choncho komiti isanavomereze kugula, itchule munthu woyang'anira ndi wachiwiri wake, ndipo mapasiwedi akhale mu envelopu yomata kwa wapampando. Mu bajeti mukhale ndalama ya batire la UPS, lomwe limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndi ya disiki yolowa m'malo.

Ndalama zikakhala zochepa, ndondomeko yogulira isinthe. Choyamba ndi disiki ya USB yosungira kope lachiwiri, chachiwiri ndi UPS kapena batire, NAS n'kubwera pomaliza. Ndipo kamodzi pa teremu, kapena nyengo yogula mbewu isanayambe, woyang'anira atenge disiki ya kope ija, ailumikize pa kompyuta ina, atsegule mafayilo angapo a miyezi yosiyanasiyana pamaso pa mnzake, n'kulemba tsikulo m'buku la ofesi.